Maganizo a Mkonzi: Nyumba Zakale Zogona Alendo

Nyumba zakale zogona alendo za m'mbali mwa msewu waukulu wa Kum'mawa, kuyambira ku Sinda kufika ku Katete, zilinkugwa ife tikupenya.

Amene anaimapo pa khonde lalitali la nyumba zotere, nakhudza zipupa zochindikala za njerwa zootcha zimene zimasunga kuzizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, naona zitseko za mlombwa zimene chiswe chinazilephera kufikira tsiku limene malata anayamba kudontha, adziwa kuti chimene chitayika si njerwa zokha ayi, koma luso la amisiri athu ndi ulemu umene makolo ankapatsa wapaulendo, pakuti anati mlendo ndi mame.

Mlandu uli pa yani? Lamulo losunga mbiri ya dziko la 1989 liteteza zomangidwa chisanafike chaka cha 1924. Zomangidwa pambuyo pake zidikira kuti wina azinenere, ndipo osunga mbiri ya dziko achedwa kutero. Eni nyumba nawo, posaka phindu la msanga, agumula khonde namangapo timashopu. Koma ifenso, amene tizula mafelemu usiku ndi kututa njerwa kukamangira makola, sitingasambe m'manja monga Pilato.

Mutu umodzi susenza denga. Tilembe nyumba zonse zotsala, kufikira ku Vubwi, pamodzi ndi umboni wa nkhalamba zimene zinagonamo. Tipemphe kuti zoyenera zitetezedwe ndi lamulo. Tikonze madenga dzinja lisanafike, kuti alendo odza ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika adzagonemonso.