Zotsatira za magazi a mdzukulu wanga zinagona m'thireyi usiku wonse

Bambo Mkonzi,

Mundilole ndikhuthule chimene chandikhala pamtima, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndakhala chete kokwanira.

Usiku wa Lachiwiri lapitali ndinafika pachipatala china kuno kuchigwa cha Shire ndi mdzukulu wanga wa zaka 4, thupi likutentha ngati mbaula, zikhatho zitayera mbee, mpweya akuchita kuukoka. Adokotala amene anatilandira, amene sindiwapezera chifukwa konse, ataona kuti malungo amutha mwanayo magazi, anamubaya natunga magazi m'kabotolo, nalemba kapepala koti ku labu ayeze kuchuluka kwake ndi gulu lake, nati kwa ine: "Agogo, thamangani nazo, mwanayu afunika kuikidwa magazi usiku uno."

Ndinathamanga monga nkhalamba ithamangira. Pawindo la labu anandibweza, nati dzina la pakabotolo silikugwirizana ndi la pakapepala, ndipo zolembazo sizikuwerengeka. Pobwerera ndinapeza adokotala aja aitanidwa kwa amayi oyembekezera. Atabwera patapita ola, mwana anabayidwanso, osalira n'komwe, pakuti mphamvu yolirira inali itamuthera. Ulendo wachiwiriwu kabotolo anakalandira, nati ndikadikire kuwodi, zotsatira zibwera zokha; koma kunacha kuti ngwee pepala la zotsatira lili m'thireyi, a ku labu akuyesa kuti anamwino adzalitenga, anamwino akuyesa kuti a ku labu adzalibweretsa, mwana wanga wamkazi atagwada pasimenti kupemphera. Magazi anamuika dzuwa litakwera, patatha maola 9. Mulungu yekha ndiye anamusunga mwanayo.

Chimene chandiwawa koposa n'chakuti patebulo la adokotala panali kompyuta yophimbidwa ndi nsalu, ndipo nditafunsa anangoti netiweki palibe. Kodi si mu 2001 pamene a Baobab Health anayamba kulemba odwala pamakina ogwira ndi chala ku Kamuzu Central Hospital, kufikira kuti lero mabuku athu a kuchipatala amamatidwa timapepala ta mizeremizere tosonyeza mwini wake? Kapepala kotero kakanamatidwa pakabotolo kaja, dzina likanasokonekera pati? Mwana wanga wina ali ku Johannesburg, ndipo ndalama imene atumiza imandipeza pafoni madzi a tiyi asanawire, koma uthenga wa moyo wa mwana walephera kuoloka khonde limodzi.

Ndiponso mlonda wa pageti anandikalipira ngati ndine mbala pamene ndinatuluka kukafuna madzi akumwa. Pawindo la labu palibe benchi ngakhale limodzi. Magetsi anazima kawiri usiku umenewo, chikhalirecho amapangidwa pa Kapichira pakhomo pathu pomwe, anamwino n'kumaunikira mtsempha wa mwana ndi tochi ya foni. Kodi ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tinalakwanji, kuti tikumbukiridwe pokhapokha namondwe monga Ana kapena Freddy akatikokolola?

Ndikupempha akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi anyamata ophunzira amene amakonza makinawa m'maofesi ozizira, kuti atsike phiri la Thabwa m'mwezi wa Okutobala, adzachezere usiku umodzi pamene amalandirira odwala mwakayakaya, aone ndi maso awo. Atipangire chida chogwira ntchito ngakhale netiweki itasowa, chodya mphamvu ya dzuwa limene kuno tili nalo lochuluka, chimene dokotala wotopa angakhudze kawiri kapena katatu kokha, pempho n'kufika ku labu litalembedwa kuti n'lachangu, ndipo zotsatira zikatuluka foni ya namwino n'kulira. Pamene tikudikira zimenezo, chonde aike munthu mmodzi usiku uliwonse wonyamula timabotolo ndi mapepala, asamatume nkhalamba yosadziwa ndi khomo lomwe.

Gogo wodandaula,
Chigwa cha Shire.