Zaka 40 pakati pa kupemphera ndi kuvomera mlandu

M'mwezi wa Marichi 1748, chombo chotchedwa Greyhound chinakumana ndi namondwe woopsa panyanja ya Atlantic chikubwerera ku England. M'chombomo munali mnyamata wa zaka 22, John Newton, wodziwika ndi pakamwa potukwana komanso kunyoza za Mulungu. Madzi atayamba kudzaza, anapempha chifundo kwa Ambuye, ndipo patatha masabata angapo chombocho chinakakocheza ku Ireland chili chiphwasukire. Tsiku la namondweyo Newton ankalikumbukira chaka ndi chaka mpaka imfa yake.

Alaliki ambiri nkhaniyi amailekezera pomwepa. Amalumpha n'kukafika pa nyimbo yake yotchuka ija, Amazing Grace, mpingo n'kuwomba m'manja. Chimene amachisiya pakatipo ndicho chofunika kwa aliyense wofuna kumvetsa kulapa.

Newton atapulumuka sanasiye malonda ogula ndi kugulitsa anthu. M'malo mwake anakwera udindo. Kuyambira 1750 mpaka 1754 anali mkulu wa zombo zonyamula akapolo, poyamba Duke of Argyle kenako African, ndipo anayenda maulendo atatu kuchoka ku Liverpool, kukagula anthu kugombe la kumadzulo kwa Africa n'kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja. Kutukwana anali atasiya. Baibulo ankawerenga, ndipo Lamulungu ankatsogolera mapemphero a antchito ake pamwamba pa chombo, pansi pake anthu ali m'maunyolo. Buku limene ankalembamo za tsiku ndi tsiku likusonyeza kuti akapolo oganiziridwa kuti akukonza zoukira ankawafinya zala ndi chitsulo kuti aulule. Komatu munthu ameneyu ankaudziwa ukapolo ndi thupi lake, pakuti zaka zochepa m'mbuyomo iye mwini anazunzidwa ngati kapolo pa zilumba za Plantain kufupi ndi Sierra Leone, akudwala komanso kumanidwa chakudya.

Chinamutsitsa m'chombo si chikumbumtima. Anadwala mwadzidzidzi mu 1754 akukonzekera ulendo wina. Anagwira ntchito ya boma padoko la Liverpool, anadzozedwa ubusa mu mpingo wa Anglican mu 1764 n'kukatumikira ku Olney, ndipo kumeneko ndi kumene analemba nyimbo zimene zinasindikizidwa mu 1779. Kabuku kake kovomera poyera kuipa kwa malonda aja, Thoughts upon the African Slave Trade, kanatuluka mu 1788. Pamenepo n'kuti patatha zaka 34 chisiyireni ntchitoyo, zaka 40 chichitikireni namondwe.

Izi sizikutanthauza kuti pemphero la mu 1748 linali lachiphamaso. Zikusonyeza kuti munthu amafulumira kusiya tchimo limene anzake amaliona kukhala lochititsa manyazi, koma amachedwa kuona tchimo limene likumudyetsa. Ku Liverpool masiku amenewo kutukwana kunali khalidwe loipa, pamene kugulitsa anthu inali ntchito yololedwa ndi malamulo, yogwiridwa ndi anthu aulemu awo.

Mabuku Oyera salola kuti kulapa kuthere pa misozi. Liwu la Chiheberi limene aneneri ankagwiritsa ntchito limatanthauza kubwerera, ngati wapaulendo amene wazindikira kuti wasochera, ndipo la Chigiriki m'Chipangano Chatsopano limanena za kusintha maganizo. Chichewa chinapeza mawu abwino: kutembenuka mtima. Pa Luka 3, anthu atafunsa Yohane Mbatizi chimene achite, iye anawayankha molingana ndi ntchito zawo. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipitse kuposa zoikika, asilikali kuti asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro awo. Pa Luka 19, Zakeyu wa ku Yeriko analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Ngakhale zimenezo sanazipeke yekha. Eksodo 22 amalamula wakuba nkhosa imodzi kubweza zinayi, ndipo Levitiko 6 amati wonyenga mnzake abweze chimene anatenga, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, kuphatikiza pa nsembe yopalamula imene akapereke kwa wansembe. Katekisimu wa Akatolika nayenso amaphunzitsa kuti wolandira sakramenti la kulapa ayenera kubweza zakuba ndi kukonza mbiri ya amene anamunamizira.

Kuno kwathu, amene anakhalapo pa msonkhano wa chitsitsimutso amaudziwa umboni umene umamveka kawirikawiri. Wina anali chidakwa, wina wachiwerewere, wina ankayenda ndi zithumwa ndipo wabwera nazo kuti ziwotchedwe. Zonsezi n'zabwino, ndipo mabanja ambiri apuma chifukwa bambo anasiyadi kachasu. Koma ndi kangati pamene munthu amaimirira n'kunena kuti munda umene akulima anaulanda kwa mlamu wake wamasiye, ndipo mawa akaubweza? Wakatapila, venda wa sikelo yobera alimi, kalaliki wolandira ziphuphu, onsewa amatha kukhala pampando wakutsogolo zaka makumi awiri osadulidwa. Amene amafulumira kudulidwa ndi mtsikana wotenga mimba ya pathengo, chifukwa tchimo lake silibisika pansi pa chitenje. Nthawi zina wokhala nawo pa bwalo lomuweruzayo ndi yemwe uja wa munda.

Ena adzati chipulumutso ndi chisomo, sichigulidwa ndi ntchito. N'zoona, ndipo Newton yemweyo analalikira zimenezo pa ubusa wake wonse. Koma Zakeyu sanagule kanthu. Yesu anali atalowa kale m'nyumba mwake pamene iye anayamba kuwerengera ngongole zake. Kubweza kunatsatira kukhululukidwa, monga mmene Yohane anafunira zipatso kwa anthu obwera kudzabatizidwa.

Newton atatsegula maso, anachita zimene akanatha. Atasamukira ku mpingo wa St Mary Woolnoth ku London, analimbikitsa phungu wachinyamata William Wilberforce mu 1785 kuti asasiye ndale koma atumikire Mulungu ali m'nyumba ya malamulo momwemo. Kabuku kake kanatumizidwa kwa aphungu, ndipo iye anakaperekera umboni pamaso pa akuluakulu a boma za zimene anaona ndi kuchita. Lamulo loletsa malonda a akapolo m'zombo za Britain linakhazikitsidwa mu Marichi 1807, ndipo iye anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 82, maso atachita khungu.

Anthu mazana angapo amene anawawolotsa nyanja sanalandire kalikonse kwa iye, ndipo panalibenso njira yowapezera. M'buku lake la m'chombo sanawalembe ndi mayina. Wina akamwalira panjira n'kuponyedwa m'madzi, Newton ankalemba nambala yake.