Zaka zinayi zimene Robert anakhala chete

Sewero la Harold Pinter lotchedwa Betrayal limayambira kumathero. Gawo loyamba limatipeza m'bala ina ku London mu 1977, Emma ndi Jerry akumwa, chibwenzi chawo chitatha zaka ziwiri zapitazo. Kuchoka apo nkhani imayenda chambuyo, 1975, 1974, 1973, 1971, mpaka usiku wina mu 1968 pamene Jerry, ataledzera paphwando, anadikirira Emma m'chipinda chogona cha Emmayo n'kumuuza kuti amamukonda. Emma ndi mkazi wa Robert. Robert ndi mnzake wa Jerry wa pamtima, moti pa ukwati wa awiriwa Jerry ndiye anali woperekeza mkwati.

Ambiri amene amaphunzira seweroli amathera nthawi pa luso loyendetsa nkhani chambuyoli. Luso lilipodi, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Chibwenzi cha zaka 7 ndi mkazi wamwini chikuululika, ndipo palibe wokuwa, palibe wolongedza katundu, palibe mkulu woitanidwa. Wowerenga wa kuno kwathu sangalephere kufunsa kuti ankhoswe ali kuti. Funsoli si lachibwana, chifukwa yankho lake ndi limene limatsegula sewero lonse.

Betrayal linaonetsedwa koyamba pa 15 November 1978 ku National Theatre, motsogozedwa ndi Peter Hall, osewera ake ali Penelope Wilton, Michael Gambon ndi Daniel Massey. Zaka zimene nkhaniyi ikudutsa ndi zomwezo zimene Britain inamasula malamba pa nkhani za banja. Mapiritsi olera anayamba kuperekedwa mu 1961. Mu 1968, chaka chimene Jerry analowa m'chipinda chija, Nyumba ya Malamulo inathetsa mphamvu za Lord Chamberlain, amene ankaunika sewero lililonse lisanapite pasiteji. Mu 1969 kunabwera Divorce Reform Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 1971. Kale ofuna kusudzulana ku England ankayenera kuonetsa khoti kuti mmodzi walakwa, kawirikawiri pa chigololo. Lamulo latsopanoli linati chofunika n'chakuti banjalo lasokonekera mosati n'kukonzekanso, ndipo kukhala padera zaka ziwiri kunali kokwanira ngati onse agwirizana.

Anthu a m'seweroli ndi amene anadyerera kwambiri ufulu umenewu. Ndi ophunzira, ndipo ndalama sizikuwasowa. Robert amasindikiza mabuku, Jerry amapezera alembi makampani owasindikizira mabuku, Emma pambuyo pake akuyendetsa malo oonetsera zojambula. Emma ndi Jerry akuchita lendi nyumba ku Kilburn, dera limene anzawo safikako, pa dzina lopeka la Green, ndipo amakumana masana. Emma akugula nsalu ya patebulo ku Venice, akuphika, akukonza m'nyumba ngati banja lenileni. Wantchito ya m'fakitale sakanatha kulipira nyumba yachiwiri kapena kuzemba ntchito masana. Otsutsa ena mu 1978 ananyansidwa ndi zimenezi. Dziko linali pa mkangano waukulu wa malipiro, sitiraka zili m'njira, ndiye anati wolemba wamkulu, mwana wa telala wachiyuda wa ku Hackney, watayira nthawi pa zibwenzi za anthu okhuta. Michael Billington anali mmodzi wa otsutsawo, koma patapita zaka anasintha maganizo.

Anthu okhuta amenewa alibe wowayankha, ndipo pakati pawo kukwiya poyera kumaoneka ngati kusatukuka. Ndiye ululu umapita kuti? Pinter akutisonyeza kumene umapita kudzera mwa Robert.

M'gawo lachisanu, mu 1973, Robert ndi Emma ali pa holide ku Venice. Robert wapita ku ofesi ya American Express ndipo amusonyeza kalata ya mkazi wake. Wazindikira malembedwe a Jerry pa envulopu. M'chipinda cha hotela sakufunsa molunjika. Akuzungulira, akudandaula za kusasamala kwa ogwira ntchito pa ofesiyo, akukumbutsa za makalata amene iye ndi Jerry ankalemberana ali ku yunivesite, wina ku Oxford wina ku Cambridge, mpaka Emma akuvomera yekha. Kenako akufunsa ngati mwana wawo wamng'ono, Ned, ndi wake. Nkhani yathera pomwepo. Robert sanauze Jerry kalikonse kwa zaka zinayi.

Gawo limene ndikanakonda kuti wophunzira aliyense aliwerenge kawiri ndi lachisanu ndi chiwiri. Atabwerako ku Venice, Robert akudya nkhomaliro ndi Jerry mu lesitilanti ya Chitaliyana. Ife oonera tikudziwa kuti Robert akudziwa, Jerry sakudziwa kanthu. Robert akumwa vinyo mosadukiza, akukalipira wopereka chakudya, akufotokoza mmene anapitira yekha m'mamawa ku chilumba cha Torcello n'kukawerenga ndakatulo za Yeats, kenaka akuphulika kuti amadana ndi mabuku. Jerry akungoona mnzake amene waledzera. Koma mawu onse amene akugwera mabuku ndi wopereka chakudya uja ndi opita kwa Jerry, ndipo Robert akuwakhotetsa dala. Anthu ena amati uku ndi kukhwima maganizo, kapena ulemu wa Angerezi. Ine sindivomereza. Robert akusunga chinsinsicho ngati mpeni wa m'thumba. Kuyambira tsiku la ku Venice lija iye ndiye ali pamwamba, ndipo wopusitsidwa ndi Jerry. Mu 1974 Jerry atabwera kunyumba kudzacheza, Robert akuyamba nkhani ya masewera a squash, n'kufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chake mkazi safunika pabwalo, m'bafa, ngakhale pa nkhomaliro ya amuna, Emma ali pomwepo akumva.

Ndiye tikabwerera ku 1977 timapeza kuti bodza lili paliponse. Emma akuuza Jerry kuti waulula kwa mwamuna wake usiku wathawu, pamene anaulula kalekale ku Venice. Jerry atamva zoona, chimene chikumupweteka ndi chakuti mnzake anamubisira, ngati kuti iye sanabise zaka 7. Robert nayenso wakhala ndi akazi ena kwa zaka zambiri, ndipo akuvomera kwa Jerry, mosachita manyazi, kuti anamenyapo Emma. Mfundo imeneyi imadutsa msanga pasiteji ndipo ambiri amaiiwala. Ndimapempha kuti isamaiwalike, chifukwa ikusonyeza zimene zinali kuseri kwa ulemu wonse uja.

Pali wina amene sitimuona n'komwe. Judith, mkazi wa Jerry, ndi dokotala, amagwira ntchito mpaka usiku, ndipo timangomva dzina lake. Ana anayi a mabanja awiriwa nawonso saoneka. Chimene Jerry amakumbukira kwambiri ndi tsiku limene ananyamula Charlotte, mwana wa Emma, n'kumuponya m'mwamba m'khitchini mabanja onse akuseka, koma ngakhale apo iye ndi Emma sagwirizana kuti inali khitchini ya ndani. Lamulo la 1969 linathandiza anthu ambiri, makamaka amayi amene anali omangika m'mabanja ankhanza, ndipo sindikulakalaka kuti likanapanda kubwera. Koma seweroli likuonetsa kuti khoti ndi achibale atachoka pakati, anthu atatuwa sanapeze njira ina youzirana zoona, ndipo Judith palibe anaganiza zoti ayenera kuuzidwa.

Mu 1978 ambiri ankaganiza kuti Pinter akulemba za Antonia Fraser, amene chifukwa cha iye Pinter anasiya mkazi wake Vivien Merchant mu 1975. Buku la Billington la mbiri ya Pinter, la mu 1996, ndi limene linaulula kuti gwero lake ndi chibwenzi cha Pinter ndi Joan Bakewell, mtolankhani wa pa TV, kuyambira 1962 mpaka 1969, chimene mwamuna wa Bakewell anachidziwa osamuuza Pinter. Choncho Pinter anadziika pa malo a Jerry, munthu wosawala kwenikweni pa atatuwa, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu. Komabe anatenga moyo wa mayi wina n'kuuika pasiteji. Bakewell anayankha polemba sewero lakelake, Keeping in Touch, limene analisunga zaka zambiri mpaka BBC Radio 4 inaliulutsa mu 2017, Pinter atamwalira kale mu 2008. Mphunzitsi amene akupereka Betrayal m'kalasi ayenera kuwauza ophunzira ake kuti sewero la Bakewell liliponso.