Mwala Wamoyo Kapena Timipira ta M'fyuluta?

Ife oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'matanki agalasi, mdani wathu ndi amoniya wochokera m'zonyansa za nsombazo. Mabakiteriya okhala pa timipira tapulasitiki ta m'fyuluta amasandutsa amoniyayu kukhala nitrite, kenaka nitrate, n'kulekeza pomwepo. Nitrate akachuluka, ndere zimamera, makorali n'kufooka.

Mwala wamoyo umatsiriza ntchitoyi: m'timaenje take topanda okosijeni muli mabakiteriya ena osandutsa nitrate kukhala mpweya wa nayitirojeni. Komatu mwala wotere amachita kugumula m'matanthwe a pansi pa nyanja, n'chifukwa chake dziko la Fiji lidaletsa kuugulitsa kunja mu 2017.

Tsono abale, tigule miyala youma kapena yochita kuumba, tidikire masabata angapo kuti mabakiteriya akhazikikemo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.