Madzi saiwala khwawa, nanga ife tikaniranji kumva?

Chaka chilichonse dzinja likayandikira, a zanyengo ndi a DoDMA amachenjeza anthu a kwa Makhuwira ku Chikwawa kuti asamukire kumtunda. Chaka chilichonsenso ambiri amayankha kuti, "Madziwa tinabadwa nawo." Ife a m'tauni timangoti ndi umbuli. Ine ndikuti ayi, nkhaniyi ndi yozama.

Zomwe anthuwa amakhulupirira sizabodza. Makolo awo ankadziwa kuti Shire amadzaza pang'onopang'ono, nabwerera, nasiya nthaka yachonde m'madimba momwe chimanga ndi mbatata zimachita bwino chilimwe chonse. Nzeru imeneyi yadyetsa mibadwo.

Koma zinthu zasintha. Mitengo m'mapiri otsetserekera kuchigwa kuchokera ku Thyolo yatha, ndipo mitsinje ngati Livunzu ndi Nkhate yadzaza mchenga. Madzi sakuchokeranso kwa Shire yekha, akutsikanso kuphiri mwaukali. Tinaona mu 2015, kenaka Idai mu 2019. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo ngakhale wogulitsa nyama ku Limbe anamva kuwawa magetsi atasowa. Mu Malichi 2023 Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera.

Nanga bwanji ena akukanabe? Chifukwa kuvomera uthengawu kuli ndi mtengo wake. Ukavomera, ndiye kuti usiye dimba, usiye manda a makolo, ukakhale mlendo pamalo ouma a eni ake. Mfumu nayo idziwa kuti ufumu ndi nthaka; ikasamuka idzalamula yani? Choncho munthu amafuna pothawira. Wina amati a zanyengo amanama, poti chaka china ananena mvula koma kunachita ng'amba. Wina amati boma likungofuna malo awo. Sikuti sanamve ayi. Amva, koma aona kuti chowonadicho n'chodula.

Tisawaseke, abale anga. Kodi si ife tinamanga m'mphepete mwa phiri la Soche, tikuuzidwa kuti mpoopsa, mpaka matope a Freddy anakwirira nyumba ku Chilobwe?

Boma lisamangolankhula pa wailesi basi. Lipeze malo okhala ndi mjigo, sukulu ndi chipatala, ndipo liwatsimikizire anthu kuti madimba awo akhalabe awo, azikalima masana n'kukagona kumtunda. Munthu amasintha maganizo akaona pomwe phazi lake likaponde. Kupanda apo, tidzingosonkha maufa ndi mabulangete Januwale aliyense.