MPENI WA MKONZI NDI MANTHA A ENI NDARAMA

Caka ndi caka anthu a ku America amasonkhana pa mawailesi a kanema kupenya mpira wao womariza, umene aucha Super Bowl. M'caka ca 2025 openya anapitirira mamiliyoni 120. Pakati pa masewerawo pamalowa timakanema totsatsa malonda, ndipo mtengo wa malo ace ngwoopsa: mu 1967 masekondi 30 anagulidwa ndi madola osafika 50,000, koma mu 2024 anali pa madola mamiliyoni 7, ndiko kunena kuti sekondi imodzi yokha inaposa madola 230,000. Imeneyotu ndi ndarama ya malo okha. Ojambula ndi akonzi sanalandire kanthu.

Tsono pali munthu wina amene dzina lace silimveka, ndiye mkonzi. Ojambula amamtulira zithunzi za maora ambiri, ndipo iye amakhala m'cipinda cace pa kompyuta kusankha, kudula ndi kulumikiza kufikira patatsala masekondi 30. Ndiye adziwa pamene nkhope iyenera kuima, pamene nyimbo iyenera kuleka, ndi pamene kuseka kuyenera kugwa. Kawirikawiri sekondi imodzi ya kanema iri ndi zithunzi 24, ndipo kucotsa zitatu zokha pa malo olakwika kukhoza kupha nthabwala yonse.

Mlandu uli pa eni malonda. Popeza alipira zambiri, amaopa sekondi iriyonse yopanda phokoso, nayesa kuti ndarama yatayika. Cotero amalemba anthu ochuka atatu kapena anai, woyimba, wamasewera ndi wanthabwala, ndipo yense ayenera kuoneka molingana ndi malipiro ace. Pamwamba pa izi afuna galu, nyimbo yakale, dzina la kampani kawiri, ndi mau ang'onoang'ono amene palibe munthu angawawerenge. Mkonzi asanduka wogawa nyama pa phwando, woyang'anira kuti pasakhale mlendo wodandaula. Nkhani yeniyeni yafera pa mpeni. Akulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. M'mawa mwace openya amakumbuka nkhope ya wochuka uja, koma akafunsidwa cimene anali kugulitsa amangokanda m'mutu.

Kanema wa Coca-Cola amene anayamba kuonetsedwa mu 1979, naonekanso pa Super Bowl ya 1980, ndi mboni yotsutsa mcitidwe umenewu. Muli anthu awiri okha: Joe Greene wa Pittsburgh Steelers, amene akutsimphina poturuka m'bwalo, ndi kamnyamata kamene kamninkha botolo lace. Greene akana, kenaka alandira, namwa botolo lonse, ndipo mkonzi alola openya kudikira pamodzi ndi mwanayo. Mwana atembenuka wacisoni. Pamenepo Greene amuitana namponyera malaya ace. Mphamvu yonse iri m'kudikirako. Mwini ndarama wa lero akadalamula kuti kumwako kufupikitsidwe, ndipo mphatso ya malayayo ikadagwa pansi yosakoma.

Ena adzati masiku amenewo anapita, pakuti openya a lero ali ndi foni m'manja, ndipo kanema wosathamanga samuyang'ana. Amenewa aiwala za 2022, pamene kampani ya Coinbase inaonetsa kacizindikiro ka QR kokha, kakuyendayenda pa mdima kwa mphindi yathunthu, popanda nkhope ya munthu. Anthu analoza mafoni ao pa kacizindikiroko ambirimbiri, kotero kuti makina a kampaniyo analephera kwa kanthawi. Kaya malondawo anali abwino ndi nkhani ina. Cimene cinaoneka ncakuti openya sanathawe bata. Caka comweco FTX inalemba Larry David, wanthabwala wochuka, ndipo pofika November kampaniyo inali itagwa, ndarama za anthu ziri m'kati.

Ngakhale kanema wochuka koposa onse anapulumuka pang'onong'ono kwa eni ace. Ndiye uja wa Apple wochedwa 1984, amene anamtsogolera Ridley Scott, naonetsedwa pa 22 January 1984. M'menemo kompyuta imene anali kutsatsa sioneka konse. Muli khamu lokhala duu, ndi mkazi mmodzi wothamanga ndi nyundo. Akuluakulu a Apple atamuona anaipidwa, nalamula kuti nthawi imene anagula igulitsidwe. A Chiat/Day, amene anakonza malondawo, anagulitsa masekondi 30 okha, nasunga 60.