Chisoti cha Darth Vader cha LEGO ndi katundu wa oda, osati wa pa benchi

Mwa katundu wakunja amene amakopa ochita geni ya zoseweretsa muli chisoti cha Darth Vader cha kampani ya LEGO ya ku Denmark. N'chokongola ndithu, koma wamalonda asanaikepo mpamba wake ayambe wadziwa kuti chinthuchi n'chotani ndipo amachigula ndani.

Darth Vader ndi munthu wankhanza wa m'mafilimu a Star Wars, amene George Lucas anayambitsa mu 1977. Amavala zakuda zokhazokha ndipo nkhope yake imabisika kuseri kwa chigoba. LEGO inayamba kupanga zinthu za Star Wars mu 1999, ndipo chisotichi, chomwe nambala yake ndi 75304, chinatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 69.99 a ku America. M'bokosi mumakhala tinjerwa ta pulasitiki 834 ndi buku la malangizo, ndipo wogula amalumikiza yekha. Akamaliza, chimatalika masentimita 20 ndipo chimaima pa kamwendo kake kokhala ndi chikwangwani cha dzina.

Ntchito yake ndi yaluso. Tinjerwa timagwirana bwino osagwedera, ndipo amene anaonerapo filimuyo amazindikira nkhopeyo akadali patali. Koma tizidutswa tambiri n'takuda, moti polumikiza pamafunika kuwala kokwanira ndi kudekha. Fumbi ndi zidindo za zala sizichedwa kuoneka pa pulasitiki wakudayo. Chisotichi sichiyenda, sichilira, sichiyaka, ndipo n'chaching'ono moti munthu sangachivale. Pabokosi analembapo 18+, kusonyeza kuti anapangira akuluakulu oti akongoletsere ofesi kapena pabalaza.

Apa ndiye pagona nkhani. Kholo lofuna chidole cha mwana limafuna chotchipa, cholimba, choti mwana athamange nacho panja. Silingatulutse ndalama yogulira zidole zodzaza thumba pa chinthu chongoima pashelefu. Ogula chisotichi ndi ochepa, okonda Star Wars amene amasonkhanitsa zinthu zotere. Pamwamba pa mtengo wogulira pali thiransipoti, msonkho wa pa boda ndi vuto lopeza ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wooda kunja anaona mmene mtengo umasinthira katundu akadali m'njira. Mpamba wogona miyezi m'bokosi limodzi ukanazungulira kangapo pa mipira ndi timagalimoto.

Wosonkhanitsa zinthuzi amalipiriranso bokosi lenilenilo. Likakhala losatsegula, losanyowa ndi losaphwanyika m'makona, mtengo umakhala wabwino. Pa benchi, pomwe pali dzuwa, fumbi ndi manja a aliyense wodutsa, bokosi silichedwa kufwifwa. Mu katundu wa pa basi limatswanyika likapanda kuikidwa m'katoni ina yolimba. N'zoona kuti zinthu zina za LEGO zimakwera mtengo kampani ikasiya kuzipanga, koma si zonse, ndipo phindulo amalipeza ndi amene ali ndi kogulitsa. Venda wodya za tsiku lomwelo sangadikire zaka.

Palinso zachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: bokosi likhoza kufanana ndi lenileni pomwe zam'kati n'zabodza. Mu 2019 apolisi a ku China anagwira opanga zidole za Lepin, zomwe zinkakopera LEGO mpaka zithunzi za pabokosi. Chizindikiro chosavuta n'chakuti pa timitu tozungulira ta njerwa zenizeni pamalembedwa dzina loti LEGO. Zabodza zimalimba kwambiri polumikiza kapena zimagwedera, ndipo mtengo wake umatsika modabwitsa. Kugulitsa chabodza pa mtengo wa chenicheni kumathawitsa kasitomala amene akanabweranso, chifukwa anthu okonda zimenezi amauzana.

Chomangamanga kale chopezeka pa kaunjika chimafunanso maso. Kanjerwa kamodzi ka pankhope kakasowa, chilema chimaonekera, ndipo popanda bokosi ndi buku mtengo umatsikiratu. Chotero chigulidwe motchipa kapena chisiyidwe.

Njira yabwino ndi ya oda. Wamalonda wopita ku Johannesburg, komwe kuli sitolo zovomerezeka za LEGO, ayambe wapeza wogula, agwirizane nambala ya katunduyo ndi mtengo wophatikiza zolipira zonse, alandire ndalama yokwana kugulira, kenako abweretse pamodzi ndi lisiti. Akatero phindu lake limakhala lodziwikiratu asanakwere basi. Wopanda kasitomala wotereyu achisirire pachithunzi, mpamba wake auike pa katundu woyenda.